Funsani Wapalabu: chigubu choterera, mano ofiira ndi mkaka wonanda

Mwezi uno mauthenga abwera ambiri, ena pa WhatsApp ena pa mapepala ong'amba m'kope la mwana wasukulu, koma nditawayala patebulo ndinaona kuti asanu mwa iwo akuzungulira chinthu chimodzi, zonanda zimene mabakiteriya amatulutsa, ngakhale eni akewo sakudziwana n'komwe. Nde ndawaika pamodzi. Amene munafunsa za BP pepani mudikire mwezi wamawa.

FUNSO: Zikomo a Wapalabu. Ine ndimakhala kufupi ndi pa Chitakale, madzi timatunga pampopi wa madzi ochokera kuphiri aja ndipo ndi oyera mbee, koma chigubu changa cha malita 20 ndikapisa chala mkati chimaterera ngati munali therere. Ndimathiramo sopo wa ufa n'kukhutchumula mpaka thovu tho, WaterGuard ndimathiranso chiyambire kolera ija, koma pakangopita masiku anayi kuterera kwabwerera. Apongozi anga akuti ndi uve wanga. Kodi ndi chani chimenechi?
Mayi wa ana atatu, Mulanje

Amayi, si uve ayi. Apongoziwo akabweranso muwapemphe mwaulemu kuti apise chala m'chigubu chawo, mudzandiuza. Choterera chimenecho ndi nyumba ya mabakiteriya. Madzi ngakhale ayere bwanji mumakhalabe tizilombo tochepa, tambiri mwa ito sitidwalitsa n'komwe, koma tikapeza khoma loti timatirire sitikhala pambalambanda, timayamba kutulutsa zonanda n'kudzifunditsa nazo, kenako n'kumaswana mkati momwemo. Kulabu timati biofilm. Ndi zomwezija zimagwetsa anthu pamiyala ya ku Likhubula, kungoti pamwala pamaonjezeka ndere poti pamawomba dzuwa.

Zonandazo n'zopangidwa ndi shuga, koma osati wa mu tiyi. Tengani tizidutswa ta shuga masauzande mutitunge ngati mikanda pa ulusi, chotulukapo ndi unyolo wautali wosatsekemera umene umamwa madzi kwambiri n'kufufuma, dzina lake polysaccharide. Therere nalonso limaterera chifukwa cha maunyolo a mtundu womwewo, ndiye fanizo lanu lija mwalasa ndithu.

Tsopano gwirani ichi chifukwa chibweranso m'mayankho onse a m'munsimu. Batire ili ndi mbali ya pulasi ndi ya mainasi eti? Tinthu tambiri tosaoneka tosungunuka m'madzi natonso timanyamula chaji. Pulasi ndi mainasi zimakokana, mainasi ndi mainasi zimakankhana. Maunyolo ambiri a mabakiteriya amakhala ndi mashuga a asidi, wodziwika kwambiri ndi glucuronic acid, ndipo m'madzi wamba amenewa amanyamula mainasi, ndiye unyolo wonse umakhala ngati waya wa minga koma minga yake ndi mainasi yokhayokha. Si onse, ena alibe chaji ndipo alipo wa Staphylococcus wokhala ndi kapulasi, koma ambiri ndi a mainasi.

Nanga sopo? Kanthu kamodzi ka sopo kaoneni ngati mbululu, mutu wokonda madzi ndi mchira wokonda mafuta. Pambale ya nyama mchira umalowa m'mafuta, mutu umatsala m'madzi, mafuta aja n'kunyamulidwa, basi mbale yayera. Zinthu zonse zopangidwa chonchi, mutu ndi mchira, timazitcha surfactant. Mutu wa sopo wochapira, kaya wogwira m'manja kaya wa ufa, ndi mainasi. Nde afike pa zoterera zanu zija, mchira ukusaka mafuta koma akupeza shuga wodzadza madzi, mutu ukukankhidwa ndi mainasi mnzake. Sindikunena kuti sopo sachita kanthu, amafewetsa ndithu ndipo amasula mafuta ndi mapuloteni amene amasakanikirana m'menemo, koma kungokhutchumula thovu kumachotsa zapamwamba, pansi pake pamatsala ka mwamba kopyapyala ndipo masiku anayi ndi okwanira kuti amangenso. Klorini nayenso amathera pakhomo, amalimbana ndi zonanda zakunja mphamvu n'kumuthera asanafike kwa eni nyumba.

Inu muli ndi mwayi pang'ono poti madzi a m'phiri la Mulanje alibe michere yambiri, n'chifukwa chake sopo amachita thovu msanga. Kumene amamwa madzi a pamjigo okhala ndi calcium wambiri zimavutirapo, calcium ali ndi mapulasi awiri, ndiye amagwira unyolo uwu ndi dzanja limodzi unyolo uwo ndi linalo, zonanda zija n'kulimba, komanso sopoyo amamudya.

Chochita n'kukwecha, palibe kuchitira mwina. Ponyani m'chigubumo timiyala tating'ono tosalala totsukidwa bwino, madzi pang'ono ndi sopo, khutchumulani mpaka mikono imve kuwawa, tsukuluzani kawiri katatu kuti sopo athe, kenako ndiye muzungulizemo madzi a klorini, khuthulani, vundikirani chiume. Kamodzi pa sabata. Madzi akumwa pitirizani kuthira WaterGuard pa mlingo umene alangizi a zaumoyo anakuuzani n'kudikira mphindi 30. Musasiye, kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae, nakonso kamadziwa kumanga nyumba yoteroyo, ndipo tonse tikukumbuka mliri unayamba mu 2022 uja umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Freddy n'kubweranso mu Malichi 2023 kudzaphwasula mapaipi. Ineyo kunena zoona zigubu sindizikonda. Ndowa ya chivindikiro yokhala ndi kampopi imalowa dzanja ndi chinkhupule, chigubu chili ndi makona oti simudzawaona mpaka kale.

FUNSO: Akulu, ndine mnyamata wa ku Luchenza ndili chaka choyamba pa kozi ya za labu. Pali chimene chikundisokoneza mutu. Atiphunzitsa kuti crystal violet ali ndi pulasi nde amamatirira bakiteriya poti khungu lake ndi mainasi. Chabwino. Koma capsule akuti ndi polysaccharide ya asidi, ndiye kuti mainasinso, nanga bwanji pa silaidi imangotsala yoyera ngati mkombero? Buku lina likuti capsule ilibe chaji, lina likuti ili nayo. Komanso ndinaona toluidine blue akusintha kukhala wapepo, aphunzitsi anangoti ndi metachromasia n'kupitirira. Ndithandizeni mayeso ali pafupi.
Wophunzira, Luchenza

Achimwene, funso ili landikoma ndipo ndikhalitsapo, ena mukhoza kudumpha koma mutaya.

Kwa amene simunalowepo mulabu, crystal violet mukumudziwa bwinobwino, ndi GV yemweuja ankatipaka pazilonda ndi mkamwa mwa ana, wosachoka pamalaya uja. Sachoka chifukwa ali ndi pulasi ndipo thonje la nsalu, khungu, ndi khoma la bakiteriya zonse zimapendekera ku mainasi. Hans Christian Gram, dokotala wa ku Denmark amene ankagwira ntchito ku Berlin, anafalitsa njira yake mu 1884 akuyang'ana mapapo a anthu omwalira ndi chibayo, ndipo mpaka lero tikuchitabe pafupifupi zomwezo, crystal violet, ayodini, kutsuka ndi alcohol, kenako safranin. Chenjezo la pamayeso, kusiyana kwa Gram positive ndi Gram negative sikuchokera pa chaji, onse amamwa utoto poyamba, kusiyana kuli pa kukhuthala kwa khoma la peptidoglycan limene limatsekera utoto ndi ayodini mkati kapena kuzilola kutuluka.

Za capsule, malaya onanda okuta mabakiteriya ena, buku lonena kuti ilibe chaji lafupikitsa nkhani mopitirira. Ma capsule ambiri, a Klebsiella, a pneumococcus ambiri, Vi ya typhoid, ndi a asidi ndipo ali ndi mainasi. Chimene chimachitika n'chakuti capsule gawo lake lalikulu ndi madzi, maunyolo ake ndi otalikirana ngati ukonde, ndiye utoto umene ungakhalemo ndi wochepa poyerekeza ndi thupi la bakiteriya lothithikana lija, komanso kugwira kwake n'kofooka, ukangotsuka ndi madzi wapita. Ndiye ukawotchanso silaidi pamoto capsule imafota. Ine ndili mnyamata ngati inu ndinaononga masilaidi tsiku lathunthu, ndikuwotcha, ndikutsuka pampopi ngati mbale, ndikuyang'ana osaona kanthu, mkulu amene ankandiyang'anira akungondionera mpaka madzulo ndiye n'kundiuza kuti capsule siwotchedwa ndipo sitsukidwa ndi madzi. Njira ya Anthony yoonetsera capsule n'chifukwa chake imatsuka ndi copper sulphate wa 20 peresenti. Ukafuna utoto wogwira polysaccharide ya asidi zenizeni umatenga Alcian blue, chimolekyu chachikulu chokhala ndi mapulasi angapo, chikagwira sichisiya.

Njira inayo ndi yopaka bwalo m'malo mopaka munthu. Nigrosin ali ndi mainasi ndiye amakankhidwa n'kutsala kunja. India ink ndi tizidutswa ta kaboni tosatha kulowa mu ukonde uja. Ndiye kumbuyo kumada bii, capsule n'kuwala ngati mwezi uli ndi mkombero. Umu ndi mmene kwa zaka zambiri tinkapezera Cryptococcus m'madzi a pamsana kwa odwala meninjaitisi amene chitetezo chawo chatsika, ngakhale iye si bakiteriya, ndi yisiti, koma malaya ake ndi polysaccharide yomweyo ya asidi. CrAg, njira ya masiku ano yoyezera Cryptococcus, imene imangoonetsa mizere ija ikusaka tizidutswa ta malaya omwewo.

Tsopano metachromasia. Toluidine blue ndi kamolekyu kaphwatalala ngati ndalama yachitsulo, ka pulasi imodzi. Akakhala yekhayekha m'madzi, aliyense kwake, amaoneka buluu. Mwaikamo unyolo wa mainasi zoyandikana kwambiri, aliyense amathamangira mpando wake, mipandoyo ndi yothinana ngati minibasi ya Limbe-Muloza ya folofolo, ndiye amasanjikizana phewa ndi phewa. Akasanjikizana choncho kuwala kumene amameza kumasintha, m'malo momeza kofiirira amayamba kumeza kopendekera ku chikasu ndi girini, ife maso athu n'kuona pepo, nthawi zina mpaka pinki. Utoto ndi womwewo, sunasinthe kanthu, chasintha ndi kakhalidwe basi. Paul Ehrlich anazindikira ma mast cell, maselo ena a chitetezo cha m'thupi, mu 1878 chifukwa cha kusintha mtundu komweku, timatumba ta mkati mwake tadzadza heparin amene ndi unyolo wa shuga wa mainasi zambiri zedi.

Chokoma chili apa. Mu chubu chapepo chija donthezani mchere wambiri, buluu amabwerera, poti sodium wadzadza n'kuphimba mainasi zija. Donthezani alcohol, amabwereranso. Donthezani surfactant wa mutu wa pulasi monga cetrimide, amabwerera msangamsanga, chifukwa ameneyu akakhala pampando mchira wake umakolana ndi mchira wa mnzake wapafupi, amabwera ngati gulu, utoto uja n'kutsitsidwa m'minibasi. Surfactant wa mainasi, monga sodium lauryl sulphate, amachita mwina, iye sapita pa unyolo, amapita kukakopa utotowo, ndipo akachuluka mpaka kuyamba kupanga timipira take totchedwa micelle amautenga mmodzimmodzi kuubisa m'timipiramo, buluu wabwerera koma podzera khomo lina. Akatswiri amagwiritsa ntchito masewera omwewa, ndi makina oyeza kuwala, kuti adziwe kuti unyolo wa bakiteriya wakutiwakuti uli ndi mainasi zingati ndipo zatalikirana bwanji. Akakufunsani pamayeso jambulani unyolo, jambulani tindalama tosanjikizana, mamakisi mwatenga.

FUNSO: Bambo Wapalabu, ine ndimathyola tiyi ku esiteti ina kuno ku Thyolo. Nkhama zinkatuluka magazi nde kuchipatala anandipatsa mankhwala ochukucha mkamwa olembedwa chlorhexidine. Magazi asiya koma pano mano ayamba kufiira mphepete ndi lilime lomwe lada, akazi anga akuti ndayamba fodya mobisa. Mankhwalawa ndi owonongeka kapena? Ndimachukucha ndikangotha kutsuka ndi kolugeti, kenako ndimamwa tiyi wanga wopanda mkaka n'kumapita kumunda.
Bambo wa ku Thyolo

Bambo, awonetseni mayi tsamba lino, fodya simunayambe. Mankhwalanso ndi abwinobwino, kufiirako ndi umboni woti akugwira. Koma m'mawa wanuwo mwausanja mwanjira yoti chilichonse chikulimbana ndi chinzake.

Zoyera zofewa zimene mumakanda pamano ndi chikhadabo zija ndi biofilm yomweyo ya m'chigubu cha mayi a ku Chitakale. Streptococcus mutans amatenga shuga wa mu tiyi n'kulukira maunyolo a glucan, guluu womatira gulu lonse pa dzino, masupuni atatu aja amapita kumeneko. Glucan yekha chaji alibe kwenikweni, koma makoma a mabakiteriyawo ndi mapuloteni a m'malovu okuta dzino ndi mainasi. Chlorhexidine ali ndi mapulasi awiri, ndiye akalowa mkamwa amakakamira pamano, pankhama, palilime, n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa maola mpaka 12, ubwino wake ndi umenewo, mankhwala ena ochukucha mukalavula apita.

Ndiye inu mwabwera ndi tiyi. Chimene chimapatsa tiyi wakuda mtundu wake ndi kukhakhala kwa palilime kuja ndi ma polyphenol, theaflavin ndi thearubigin, amene amapangika masamba anu aja akaphwanyidwa n'kusiyidwa pamphepo kufakitale. Amenewa amapendekera ku mainasi. Akupeza chlorhexidine atayala mphasa pa dzino, amangokhalapo, mawa ena, mkuja ena, dzino psuu. Khofi amachitanso chimodzimodzi. Mbali inayi kolugeti wambiri amachita thovu chifukwa cha sodium lauryl sulphate, mutu wa mainasi, ndiye mukachukucha thovu lili mkamwa awiriwo amagwirana okhaokha n'kusanduka mchere wosasungunuka, mphamvu ina ya mankhwala yathera pomwepo.

Siyanitsani nthawi. Tsukani mano, tsukuluzani bwino, padutse mphindi 30 kapena kuposa musanachukuche, ndipo mukachukucha tiyi adikire, chapafupi n'kuchukucha mutamwa kale tiyi wam'mawa ndi usiku pogona. Mankhwalawa si a moyo wonse, masiku amene anakuuzani akatha siyani. Zofiirazo zili kunja kwa dzino, a mano amazipala zimachoka, n'zosiyana ndi kufiira kobwera ndi fluoride wochuluka m'madzi a mijigo ina kumene kumakhala mkati mwa dzino kuyambira paubwana.

Ndipo mswachi musausiye poti muli ndi botolo. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, amene mu 1683 analemba za tizilombo ta pamano ake, anayesa kuchukucha ndi vinyo wosasa ndipo anapeza kuti wapha takunja tokha, ta mkati mwa zoyera zija tili moyo tikuyendayenda.

FUNSO: Ndine mlimi wa ng'ombe za mkaka mbali ya ku Bvumbwe, ndili ndi ziwiri. Mkaka wamadzulo ndikausunga umadzuka wonanda, ukautunga ndi supuni umachita ulusi, ku bulking group andibweza kawiri. Mnzanga anati nditsuke zidebe ndi sopo wosakaniza ndi mankhwala otsukira mabala aja kuti zikhale zamphamvu kawiri. Nditasakaniza madzi anachita mbuu ndi timabulu toyera ndipo vuto silinathe. Kodi wagolosale anandigulitsa feki, kapena ng'ombe zalodzedwa?
Mlimi, Bvumbwe

Achimwene, wagolosale musiyeni, ng'ombenso palibe wazilodza. Timabulu toyera mwaonato ndi ndalama zanu ziwiri zikudyana. Tembenuzani botololo muwerenge, mupeza mawu oti cetrimide kapena benzalkonium chloride, mwina limodzi ndi chlorhexidine. Amenewa ndi a mutu wa pulasi, amapha bakiteriya pokokedwa ndi khoma lake la mainasi kenako mchira n'kuboola. Sopo ndi mainasi. Mwawaika m'beseni limodzi akwatirana pomwepo, mitu yagwirana michira yakolana, chotsala sichisungunuka, sichichapa, sichipha. Ngakhale kansalu ka thonje kopukutira kamayamwa mankhwala a pulasiwa n'kuwachepetsa mphamvu. Komanso akafika pa chidebe chosakwecha amagwidwa ndi maunyolo a mainasi a pamwamba, amathera pampanda osalowa m'mudzi. Ndipo mankhwala a mabala si a ziwiya za chakudya, otsalira ake amalowa mumkaka.

Kaye tisiyanitse. Mkaka ukatuluka m'bere uli kale ndi timagulu, magazi kapena madzimadzi, bere likutentha, amenewo ndi matenda a bere, itanani alangizi a ziweto. Koma wanuwu ukutuluka bwino n'kudzananda pakapita maola, ameneyo ndi bakiteriya wolowa pambuyo, kawirikawiri kuchokera m'madzi otsukira, m'chidebe, pa sefa kapena ng'ombe zikamagona pamatope, ndipo akamadya shuga wa mumkaka amatulutsa maunyolo aja mpaka mkaka wonse kuchita ulusi. Ku Finland ali ndi chambiko chawo chotchedwa viili chimene amachifuna dala chonanda choncho, ndi mabakiteriya osankhidwa, koma inu simunasankhe, simukudziwa walowa ndani.

Katsukidwe kake motsatana, mukangokhuthula mkaka tsukuluzani ndi madzi ofunda pang'ono, osati owira chifukwa owira amaphikira mapuloteni pakhoma. Kenako madzi otentha, sopo ndi burashi, makamaka m'makona, pa chivindikiro ndi pomwe chogwirira chinalumikizidwa. Tsukuluzani sopo atheretu. Pomaliza madzi owira kapena a klorini pa mlingo wa alangizi, vundikirani pa thandala ziume ndi dzuwa, osapukuta. Kansalu kosefera kaziwiritsidwa tsiku lililonse. Ngati mkaka mumanyamulira m'chigubu cha pulasitiki cha kukamwa kochepa, ine ndikuloza chimenecho, pezani chidebe cha aluminiyamu. Ndipo wamadzulo usagone pofunda, upite kozizira tsiku lomwelo ngati gulu lanu limalandira madzulo.

Kanthu kena, kugwirana komwe kwakuonongerani sopoku kwina n'kumene amadyera. Mu 1969 Emil Gotschlich ndi anzake ku America anagwiritsa ntchito surfactant wa banja lomweli la cetrimide kukokera pansi polysaccharide ya meningococcus, bakiteriya woyambitsa meninjaitisi, kuchokera mu msuzi olereramo mabakiteriya, unyolo wa mainasi umagwirana ndi surfactant n'kudikha ngati matsukwa, amautola, n'kuusungunulanso ndi mchere wa calcium, wayera. Katemera wa meninjaitisi anachokera pamenepo. Katemera wa chibayo PCV13 amene ana athu anayamba kulandira mu Novembala 2011, ndi wa typhoid amene anabaya ana m'dziko lonse mu Meyi 2023 atayesa kaye katemera wa mtunduwo ku Ndirande ndi Zingwangwa, onsewa ndi malaya a shuga a bakiteriya olumikizidwa ku puloteni kuti thupi la mwana liwaloweze.

FUNSO: Pa botolo la sosi ndi pa kolugeti ndawerenga kuti muli xanthan gum. Mwana wanga wa ku sekondale akuti zimachokera ku bakiteriya wowoletsa kabichi. Zoona? Nde tikudya matenda? Ine ndimapanganso sopo wamadzi ndi zofewetsa tsitsi zogulitsa pa Limbuli, ndinamuyesa mu zofewetsazo zinangochita mabulumabulu.
Mayi wa bizinesi, Limbuli

Mwanayo mumugulire fanta, wanena zoona. Xanthomonas campestris ndi amene amachititsa tsamba la kabichi kuchita chikasu kuyambira mphepete kulowa mkati ngati chilembo cha V, mitsempha yake n'kuda, alimi a kudimba amawadziwa matendawa nthawi ya mvula. Zonanda zimene amatulutsa zimathandiza kutseka timipaipi ta madzi m'tsambamo. Allene Jeanes ndi anzake ku labu ya boma ya zaulimi ku Peoria, ku America, ndi amene anaona m'zaka za m'ma 1950 kuti zonandazo zili ndi ntchito. Lero amamuweta bakiteriyayo m'mathanki, kumudyetsa shuga, kenako amawiritsa kuti afe, n'kudikhitsa unyolowo ndi alcohol, kuumitsa, kupera. Chofika kwa inu ndi ufa, mulibe chamoyo, ndipo bakiteriyayo ngakhale ali moyo ndi wa zomera. Pamabotolo ena amangolemba E415. Kapang'ono kokha kamalimbitsa sosi kuti asalekane madzi pansi zina pamwamba, ukakhutchumula amafewa ukasiya amalimbanso, n'chifukwa chake amamuthiranso m'matope obowolera zitsime zakuya.

Za mabulu anuwo, xanthan ali ndi glucuronic acid ndi pyruvate m'nthambi zake, mainasi yokhayokha. Mu sopo wamadzi ndi shampu wamba amakhala bwino poti nawonso ndi mainasi, sagwirana. Zofewetsa tsitsi ndi zofewetsa zovala zimagwira ntchito ndi surfactant wa pulasi, cetrimonium chloride ndi abale ake, amene amamatirira tsitsi poti tsitsi ndi mainasi, ndiye mwaika xanthan m'menemo mwachita zomwe anachita achimwene a ku Bvumbwe. Kumene mumagula zipangizo zanu funsani cholimbitsira chopanda chaji monga hydroxyethylcellulose kapena guar gum, ndipo musanathire mu ndowa yonse yesani kaye m'kakapu, mukasiye usiku umodzi muone m'mawa.